Timu Ikapita Kunja: Za Mantha ndi Mbiri ya Maiko a Eni

Nkhani yathu ya lero ndi ya maseŵera, koma sitikamba za zigoli zokha ayi. Tikamba za mantha amene amatigwira tikamva kuti anyamata kapena atsikana athu akukwera ndege kukaseŵera m'dziko la eni, ndiponso za mbiri imene maiko ena amasenza, yakuti kumeneko n'kwa mbala ndi achifwamba.

Ku Mayani, m'mapiri a boma la Dedza, nkhani yotereyi si yachilendo. M'midzi ya kumeneko, monganso m'madera ambiri a dziko lino, anthu akhala akupita ku Joni kuyambira kale. Agogo adapita pa Wenela ndi pa Theba kukagwira ntchito m'migodi. Adzukulu amapita lero pa basi kukagwira m'masitolo, m'minda ya maluŵa ndi m'nyumba za anthu. Wobwerako aliyense amabwera ndi katundu komanso ndi nkhani, ndipo nkhani imene imakoma pabwalo madzulo ndi ya uja adalozedwa ndi mfuti. Amene adakhalako zaka zisanu osaona choopsa chilichonse alibe chofotokoza, amangomwa tiyi wake. Motero mbiri ya dziko lonse imaumbidwa ndi anthu oŵerengeka amene adagwa m'tsoka. Akuluakulu amati nsomba ikaola imodzi zonse zaola, koma mwambi umenewu udanenedwa kwa ife kuti tidzisunge, sudanenedwe kuti tiŵeruzire nawo mitundu ya anthu.

Tiyeni tibwerere ku Januwale wa 2010. Timu yathu ya Flames, motsogozedwa ndi mphunzitsi Kinnah Phiri, idali ku Angola ku mpikisano wa chikho cha maiko a mu Africa, kumene idali isadafikeko chiyambire 1984. Pa 8 Januwale, kutatsala masiku aŵiri kuti mpikisano uyambe, basi ya timu ya Togo idaomberedwa ndi zigaŵenga itangoloŵa m'chigawo cha Cabinda kuchokera ku Congo. Wachiŵiri kwa mphunzitsi ndi mneneri wa timuyo kwa atolankhani adafa. Goloboyi Kodjovi Obilalé adavulala kwambiri, ndipo adamutengera ku chipatala cha ku Johannesburg. Gulu la FLEC, limene limafuna kuti Cabinda ikhale dziko lodziimira palokha, lidavomera kuti ndilo lidachita zimenezi. Togo idabwerera kwawo osaponyako mwendo pa mpira.

Amene muli ndi mapu kusukulu yapafupi, kaŵaoneni. Cabinda ndi kachigawo kodukizana ndi Angola yense, pakati pake padutsa kamzere ka dziko la Congo ya Kinshasa, ndipo nkhondo ya kumeneko idali ndi chiyambi chake ndi eni ake. Maseŵero aŵiri oyamba a anyamata athu adali ku Luanda. Pa 11 Januwale adagonjetsa Algeria ndi zigoli 3 kwa 0, zomwetsa Russel Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda. Adagonja kwa Angola ndi kwa Mali, nabwerera kuno ali amoyo ndi athanzi, odandaula za zigoli zokha.

Koma chodabwitsa chidachitika ku Ulaya. Chaka chomwecho, mu Juni, South Africa idali kuyembekeza kulandira chikho cha dziko lonse lapansi, koyamba pa nthaka ya Africa. Nyuzipepala zina za kumeneko zidayamba kufunsa kuti, ngati ku Angola kwachitika zotere, kodi oseŵera adzapulumuka ku South Africa? Tsono tamverani mtunda wake. Kuchokera ku Cabinda kufika ku Johannesburg, poyeza molunjika monga iulukira mbalame, pali makilomita oposa 2,500. Kuchokera ku Mayani kufika ku Johannesburg komweko pali makilomita pafupifupi 1,500. Ndiye kuti mlimi wa mbatata ku Mayani ali pafupi ndi Johannesburg kuposa mmene zidaliri zigaŵenga za ku Cabinda! Koma kwa munthu amene amaona Africa ngati mudzi umodzi, mfuti ikalira kumpoto kwa mudziwo ndiye kuti yalira ponseponse. Kampani ina ya ku Britain idafika potsatsa malaya oteteza ku mipeni, akuti ochemerera agule asadanyamuke, ndipo eni dziko adakwiya nazo.

Mpikisano udachitika kuyambira pa 11 Juni mpaka pa 11 Julayi. Alendo oposa 300,000 adafika. Boma lidakhazikitsa makhoti apadera 56 oŵeruza milandu yokhudza mpikisanowo mwachangu. Kuba kudalipo ndithu: atolankhani ena a ku Portugal ndi Spain adaberedwa ku malo awo ogona ndi anthu a mfuti, ndipo pasadathe sabata aŵiri mwa akubawo adalamulidwa kukhala m'ndende zaka 15. Koma chipoloŵe chija adalosera sichidaoneke, ndipo matimu onse 32 adabwerera kwawo.

Pamenepa wina ku Mayani anganditsutse, nati, "Bambo inu a pa wailesi, mukufuna kutiuza kuti ku Joni kulibe umbanda? Ife tidalandira maliro ochokera kumeneko." Zoona, ndipo sinditsutsa. Malipoti a apolisi a dzikolo adaonetsa kuti m'chaka cha 2009 kufika 2010 anthu oposa 16,000 adaphedwa. Chiŵerengero chimenechi n'choopsa. Chofunika kufunsa n'chakuti, imfa zimenezi zimagwa kuti, ndipo zimagwera yani? Zambiri zimagwa m'makomboni a anthu osauka, usiku, kumapeto a sabata, kaŵirikaŵiri pakati pa anthu odziŵana ndi pamene pali moŵa. Woseŵera wofika ndi timu ya dziko lake amalandiridwa pa bwalo la ndege, amagona ku hotela ya alonda, ndipo basi yake imayenda ndi apolisi patsogolo. Amakhala masiku atatu kapena anai nabwerera. Mnyamata wa ku Mayani wogwira ntchito m'kasitolo amagona m'komboni momwemo chaka chonse, mwina wopanda mapepala, wosatha ngakhale kukadandaula ku polisi. Dziko ndi limodzi, koma aŵiriŵa sakhala m'choopsa chofanana.

Kumbukirani kuti mu Meyi 2008 anthu 62 adaphedwa pa ziwawa zothamangitsa alendo ku South Africa, ndipo mu Epulo 2015 boma la Malaŵi lidatumiza mabasi kukatenga anthu athu amene adathaŵa m'nyumba zawo. Mu Sepitembala 2019, ziwawa zitabukanso, bungwe la mpira la Zambia lidakana kuseŵera ndi South Africa ku Lusaka, ndipo Madagascar nayo idakana kupita kukaseŵera ku Johannesburg. Ngakhale Senzo Meyiwa, goloboyi ndi kaputeni wa timu ya dzikolo, amene adaomberedwa mu Okutobala 2014, sadafere pa ulendo wa mpira. Adafera m'nyumba ku Vosloorus, m'dziko lake lomwe. Ine ndiona kuti mantha athu timaŵaika pa munthu wolakwika. Timadera nkhaŵa amene ali ndi apolisi patsogolo, ndi kuiŵala amene alibe womuyang'anira.

Palinso nkhani ya miyeso iŵiri. Malaŵi adapita koyamba ku maseŵera a Olimpiki mu 1972, ku Munich. Komweko zigaŵenga zidapha anthu 11 a m'gulu la Israel. Patapita zaka ziŵiri zokha, mpikisano wotsiriza wa chikho cha dziko lonse udaseŵeredwa mu mzinda womwewo. Pa 13 Novembala 2015 mabomba adaphulika kunja kwa bwalo la Stade de France, France ikuseŵera ndi Germany, ndipo usiku umenewo anthu 130 adafa mu Paris. Chaka chotsatira chikho cha maiko a ku Ulaya chidathera pa bwalo lomwelo. Zoopsa zimenezi zidatchedwa tsoka logwera mzinda, sizidatchedwe khalidwe la mtundu wa anthu. Ndipo mbiri yoipa ikakhazikika, ena amaikwera ngati bulu. Ku Rio de Janeiro mu 2016, katswiri wosambira wa ku America, Ryan Lochte, adauza dziko kuti iye ndi anzake adaberedwa ndi anthu a mfuti odzitcha apolisi. Ambiri adakhulupirira msanga, pakuti Rio idali kale ndi mbiri yotero. Pambuyo pake zidadziŵika kuti adakangana ndi alonda a pa malo omwetsera mafuta chifukwa cha zinthu zimene iwo eni adaononga, ndipo adaimitsidwa kupikisana miyezi 10.

Ifenso tidalaŵako. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zitavuta ku Mulanje ndi ku Phalombe, bungwe la United Nations lidachotsako antchito ake kwa kanthaŵi, ndipo nkhani idamveka kunja ngati kuti Malaŵi yense wapenga, pamene ku Mayani anthu adali kukonza minda yawo mwamtendere.

Nanga choopsa chenicheni kwa oseŵera ndi ochemerera chili pati? Malamulo a mpira amaika udindo wa chitetezo pa bungwe la dziko lolandira alendo, ndipo maseŵero asadayambe pamakhala msonkhano wa oyang'anira, apolisi, azachipatala ndi nthumwi za matimu onse aŵiri. Pa msonkhano wotere, mitu ikuluikulu imakhala ya mayendedwe ndi ya zipata za bwalo, chifukwa m'menemo ndimo mwatayika miyoyo yambiri. Anzathu a ku Zambia adataya anthu 30, pakati pawo oseŵera 18, pamene ndege yawo idagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville ku Gabon mu Epulo 1993. Mu Januwale 2022, Flames ili ku Cameroon, ambiri adali kuopa nkhondo ya m'zigawo zolankhula Chingerezi za dzikolo. Koma imfa idabwera pa chipata cha bwalo la Olembe ku Yaoundé, pamene anthu 8 adafa popanikizana pa 24 Januwale. Maŵa lake, mu mzinda womwewo koma pa bwalo lina, Gabadinho Mhango adamwetsa chigoli chija cha patali polimbana ndi Morocco.

Ndipo sitisoŵa kuoloka malire kuti tione zotere. Pa 6 Julayi 2017, tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lino, anthu adakhamukira ku bwalo la Bingu ku Lilongwe kukaonerera Nyasa Big Bullets ndi Silver Strikers. Zipata zidachedwa kutsekulidwa, anthu adapanikizana, ndipo 8 adafa. Mwa iwo, 7 adali ana.