Mzinda womwe unalephera kuyatsa magetsi a mumsewu

Kodi munaperekezapo amayi kumsika n'kuona munthu wa khonsolo akuyenda benchi ndi benchi, kudula matikiti kwa ogulitsa tomato ndi usipa? Ndalama ya tikitiyo imapita m'thumba la mzinda. M'thumba lomwelo mumalowanso msonkho wa nyumba, ndalama za ziphaso za mashopu ndi thandizo la boma. Zikatuluka m'menemo, zimagula dizilo wa galimoto yotola zinyalala, zimakwirira maenje a mumsewu, zimalipira ozimitsa moto. Chaka chilichonse akuluakulu a mzinda amakhala pansi n'kuwerengera kuti alandira zingati ndipo agula nazo chiyani. Imeneyo ndiyo bajeti.

Nanga thumbalo likauma? Zimenezi zinachitikapo ku Detroit, mzinda wa ku America wotchuka ndi mafakitale a galimoto. Mu 1950 kunkakhala anthu pafupifupi 1.8 miliyoni. Kenako mafakitale ambiri anatsekedwa kapena kusamuka, mabanja nawo n'kumanga katundu. Pofika 2010 kunatsala anthu 700,000 ndi ochepa chabe pamwamba.

Tiyerekeze kuti muli khumi ndipo mwagwirizana kusonkha ndalama ya mpira. Tsiku losonkha lisanafike, asanu ndi mmodzi asamuka, mwatsala anayi. Kodi wa sitolo atsitsa mtengo chifukwa mwachepa? Ayi ndithu! Ku Detroit kunalinso choncho. Okhoma msonkho anachepa, koma misewu sinafupike, mapaipi a madzi anali omwewo, ndipo agogo omwe anagwirira ntchito mzindawo ankadikira penshoni yawo mwezi ndi mwezi. Mzinda unayamba kukongola, kukongolanso, mpaka ngongole inafika madola pafupifupi 18 biliyoni.

Dzuwa likalowa, umphawi wa mzindawo unkaonekera poyera. Pa magetsi khumi alionse a mumsewu, anayi sankayaka. Babu likapsa, palibe ankabwera kudzasintha, ndipo akuba ankazula mawaya a kopa n'kukagulitsa. M'nyengo yozizira, pamene kumachedwa kucha, ana ena ankapita kusukulu mumdima, kudutsa nyumba zopanda anthu. Pa 18 July 2013 mzindawo unapita kukhoti kukavomera kuti sungathe kubweza ngongole zake zonse.

Apa ndiye panavuta. Ndalama zochepa, ozifuna ambiri: okongoza, apolisi, agogo a penshoni, okonza magetsi. Ena anati, "Bwanji osagulitsa zithunzi?" Mzindawo unali ndi nyumba yosungiramo zojambula yotchedwa Detroit Institute of Arts, ndipo umo muli chithunzi chomwe Vincent van Gogh anadzijambula yekha atavala chipewa cha udzu. Koma chithunzi ukagulitsa chapita basi, ngati mbewu yomwe waphika chifukwa cha njala ya lero.

Mabungwe achifundo, boma la chigawo cha Michigan, komwe kuli Detroit, ndi abwenzi a nyumba ya zithunziyo analonjeza kusonkha madola 816 miliyoni pa zaka 20 kuti athandize kulipira penshoni, zithunzizo zisagulitsidwe. Komabe panalibe amene anatuluka akumwetulira kwambiri. Okongoza ambiri analandira zochepa kuposa zomwe anapereka, ndipo agogo ambiri anawadulirako penshoni. Mu December 2014 mlandu unatha, ngongole pafupifupi madola 7 biliyoni itachotsedwa.

Magetsi aja sanaiwalidwe. Pofika kumapeto kwa 2016 anali ataika magetsi atsopano 65,000 a mtundu wa LED, osadya mphamvu zambiri. Anagwiritsanso ntchito mawaya a aluminiyamu, omwe akuba sawafuna kwenikweni chifukwa ndi otsika mtengo.

Tsopano yesani izi ndi anzanu. Tolani timiyala khumi, tikhale ndalama zonse za mzinda wanu, ndipo mmodzi wa inu akhale meya. Jambulani pansi mabwalo asanu: zinyalala, misewu, magetsi, ozimitsa moto ndi ngongole. Gawani timiyalato. Mukamaliza, chotsani titatu, chifukwa anthu ena sanakhome msonkho. Ameya atiuze bwalo lomwe alilande timiyala, kenako akafotokozere amene akhale mumdimawo chifukwa chake.