Database ikatha nthawi pa cloud: kuipulumutsa kapena kuifufuta moyenera

Kumayambiriro kwa Meyi 2024, mamembala oposa 600,000 a UniSuper, thumba la penshoni lomwe linayamba ndi anthu ogwira ntchito m'mayunivesite a ku Australia, analephera kulowa m'maakaunti awo pa intaneti. Vutoli linatenga pafupifupi masabata awiri. Panalibe mbava za pa intaneti zomwe zinathyola, ndipo kunalibe moto. Makina omwe bungweli linkabwereka ku Google Cloud, pamodzi ndi ma database omwe anali m'menemo, anali atafufutidwa chifukwa nthawi yake inali itatha.

Google inadzafotokoza kuti pokonza makinawo kumayambiriro kwa 2023, akatswiri ake anasiya malo amodzi osadzaza mu pulogalamu yomwe ankagwiritsa ntchito. Pulogalamuyo inadziikira yokha malire a chaka chimodzi, ndipo chakacho chitakwana inafufuta zonse popanda kutumiza chenjezo. UniSuper inkasunga zinthu zake m'malo awiri osiyana poopa ngozi, koma lamulo lofufutalo linakhudza malo onse awiriwo. Chomwe chinapulumutsa bungweli ndi ma backup, kapena kuti makope a zolembedwa osungidwa padera, omwe anali kunja kwa makina ofufutidwawo, ena mwa iwo ali m'manja mwa kampani ina.

Ngati zinachitikira bungwe losunga madola a ku Australia oposa 120 biliyoni, chipatala cha mishoni, sukulu kapena kampani yaing'ono siyenera kudziona ngati yotetezeka.

Chomwe chimatha nthawi n'chiyani?

Database ndi pulogalamu yosunga zolembedwa mwadongosolo kuti zizipezeka msanga: mayina a odwala ndi mankhwala omwe akulandira, magiredi a ophunzira, ngongole za makasitomala. Kale bungwe linkagula seva yakeyake n'kuiika m'chipinda chokhoma. Masiku ano ambiri amabwereka malo pa makompyuta a Amazon Web Services, Microsoft Azure, Google Cloud kapena Alibaba Cloud, ndipo njira imeneyi ndiyo imatchedwa cloud. Makompyutawo ali m'nyumba zenizeni. Microsoft inatsegula malo ake ku Johannesburg mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, ndipo Google inatsatira ku Johannesburg mu 2024.

Gawo lomwe mwabwereka, lokhala ndi mphamvu zake ndi malo ake osungira zinthu, ndilo akatswiri amalitcha instance. Lili ngati sitolo ya lendi: katundu ndi wanu, koma nyumba ndi ya mwini wake. Mukasiya kulipira, amayamba wakhoma chitseko katundu ali momwemo, kenako amatulutsa zonse kuti alowetse wina.

Nthawi imatha m'njira zingapo. Ena amalipiriratu mwezi kapena chaka n'kuiwala kuwonjezera. Ena amalipira malinga ndi momwe agwiritsira ntchito, koma khadi la ku banki limakanidwa. Enanso amayamba ndi database yaulere, ntchito n'kukula, osazindikira kuti zaulerezo zili ndi malire. Kampani ya Heroku inathetsa ma database ake aulere pa 28 Novembala 2022, italengeza miyezi itatu m'mbuyo mwake. Ku kampani ya Render, database yaulere imakhala masiku 30, kenako mwini wake amapatsidwa masiku 14 oti ayambe kulipira isanafufutidwe.

Pakati pa kutseka ndi kufufuta

Chofunika kumvetsa n'chakuti kutha nthawi ndi kufufutidwa ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo pakati pake pali mpata. Nthawi zambiri kampani imayamba ndi kutumiza mauthenga a imelo. Ikaona kuti palibe yankho, imaimitsa database. Apa ndi pomwe anthu amadzidzimuka: nesi akatsegula kompyuta kuti aone tsiku lomwe wodwala anatenga mankhwala komaliza, pulogalamu imangozungulira n'kulemba kuti yalephera kulumikizana. Koma zolembedwa zonse zimakhala zikadalipo. Mukalipira ngongole, zinthu zimabwerera m'malo mwake.

Makampani ngati Alibaba Cloud ndi Tencent Cloud ali ndi malo otchedwa recycle bin, komwe instance yotha nthawi imadikira kwa masiku owerengeka. Ku Google Cloud, pulojekiti yotsekedwa ikhoza kubwezeretsedwa pasanathe masiku 30, ngakhale kuti zinthu zina za m'kati mwake zimatha kuchotsedwa masikuwo asanakwane. Ku Amazon, akaunti yotsekedwa ikhoza kutsegulidwanso pasanathe masiku 90.

Mpatawu ukadutsa, malo omwe munkagwiritsa ntchito amamasulidwa kuti apatsidwe kwa ena. Popeza zolembedwa zimasungidwa zitabisidwa ndi makiyi apadera, makampani ena amangowononga makiyiwo, ndipo zotsala pa makina sizingawerengekenso. Apa kudandaula kapena kulonjeza ndalama zambiri sikuthandiza, chifukwa ngakhale akatswiri a kampaniyo sangathe kuzibweza.

Zoyenera kuchita database ikaima

Choyamba, musathamangire kupanga database yatsopano kapena kufufuta chilichonse. Lowani mu akaunti n'kuona ngati instance yangoimitsidwa, ili mu recycle bin, kapena yachotsedwa. Ngati ikadalipo, lipirani, ndipo ikangoyamba kugwira ntchito koperani zonse n'kukazisunga kwina.

Ngati yachotsedwa, chiyembekezo chili pa backup. Amazon RDS, ntchito ya Amazon yobwereketsa ma database, imatha kusunga ma backup odzichitikira okha mpaka masiku 35, ndipo munthu angabwezeretse database mmene inalili pa ola ndi mphindi yomwe wasankha m'masiku amenewo. Koma ma backup amenewa amapita limodzi ndi instance ikafufutidwa, pokhapokha mutasankha kuti atsale. Snapshot, kapena kuti kope la database lomwe mwajambula nokha, imakhalabe mpaka mutaichotsa. Azure SQL Database imalolanso kubwezeretsa database yofufutidwa, ndipo ili ndi dongosolo losunga ma backup mpaka zaka 10 kwa amene alikonza pasadakhale.

Kubwezeretsa kumabala instance yatsopano, nthawi zambiri yokhala ndi adiresi yatsopano. Choncho mapulogalamu onse omwe amadalira database ayenera kulozedwa kumeneko, ndipo wina ayenera kuyerekeza zolembedwa zomaliza ndi zomwe zili m'makaundula a pamapepala kuti adziwe zomwe zasowa.

Kukhala ndi backup sikokwanira ngati simunaiyesepo. Pa 31 Januwale 2017, katswiri wina wa kampani ya GitLab anafufuta mwangozi pafupifupi 300 GB za database yaikulu ya kampaniyo. Atathamangira ku ma backup anapeza kuti njira zisanu zomwe ankadalira sizinali kugwira ntchito monga ankaganizira. Anapulumukira pa kope lomwe linajambulidwa maola 6 ngoziyo isanachitike, ndipo zolembedwa za maola amenewo zinatayika. Malo osungira backup nawonso ndi nkhani. Moto utawononga nyumba ya makompyuta ya OVHcloud ku Strasbourg, m'dziko la France, pa 10 Malichi 2021, makasitomala ena anataya zonse chifukwa ma backup awo anali pamalo omwewo. N'chifukwa chake akatswiri amalimbikitsa lamulo la 3-2-1: makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi lili kutali.

Kufufuta nakonso ndi udindo

Si database iliyonse yoyenera kupulumutsidwa. Ntchito zambiri za mabungwe zimatha thandizo la ndalama likatha, koma ma database ake amasiyidwa ali ndi mayina, manambala a foni, ngakhale zotsatira za kuyezetsa magazi kwa anthu. Database yopanda woiyang'anira sikonzedwanso ikapezeka ndi ming'alu, mawu ake achinsinsi sasinthidwa, ndipo imakhala chandamale chosavuta kwa mbava. Imadyanso ndalama. Ku Amazon RDS, instance yoimitsidwa imadziyatsanso yokha pakatha masiku 7, ndipo malo osungira zinthu amalipiridwabe ngakhale itaima.

Malamulo oteteza zinsinsi za anthu, monga GDPR ya ku Ulaya ndi POPIA ya ku South Africa, salola kusunga mbiri ya munthu kupitirira nthawi yomwe ikufunika. Zambia inakhazikitsa lamulo lake loteteza zinsinsi zotere mu 2021, ndipo Malawi mu 2024.

Kufufuta moyenera kuli ndi ndondomeko. Tsimikizani kuti palibe pulogalamu yomwe ikuigwiritsabe ntchito. Patulani zomwe lamulo likufuna kuti zisungidwe, monga za misonkho ndi za odwala. Pangani snapshot yomaliza, ikani tsiku lodzaichotsa, ndipo tsikulo likafika ichotseni pamodzi ndi makope ena onse, kuphatikizapo omwe ali pa malaputopu a antchito. Lembani yemwe waloleza, yemwe wafufuta ndi tsiku lake. Kungoisiya database kuti ithe yokha si kufufuta, chifukwa ma snapshot akale amatha kutsala.

Pempho kwa atsogoleri a mabungwe

Kwathu kuno vutoli lili ndi mbali ina. Ntchito za cloud zimalipiridwa ndi ndalama zakunja, ndipo pamene ndalamazi zikusowa, khadi likhoza kukanidwa ngakhale mu akaunti muli makwacha okwanira. Kawirikawirinso akaunti imatsegulidwa pa imelo ya wachinyamata yemwe anakonza pulogalamu. Iye akasiya ntchito, machenjezo onse amapita kwa munthu yemwe salinso pabungwepo.

Nkhaniyi musaisiyire a IT okha. Sabata ino funsani mafunso anayi: database yathu ili ku kampani iti, idzatha liti, machenjezo amapita pa imelo ya ndani, ndipo backup tinaiyesa liti komaliza? Onetsetsani kuti anthu osachepera awiri akulandira machenjezo pa imelo ya bungwe, yatsani chitetezo choletsa kufufuta mwangozi, ndipo sungani kope limodzi kunja kwa kampani yomwe mukubwerekako. Zolembedwazo ndi za anthu omwe anakukhulupirirani, ndipo udindo wozisunga kapena kuzifufuta moyenera uli m'manja mwanu.