Dothi Loteteza Citsulo m'Injini ya Ndege

Mukudziwa inu kuti mphika wadothi umacedwa kutentha, pamene sefuliya ikangokhala pa moto pang'ono, cigwiriro cake cayamba kale kuocha dzanja. Dothi loocha silifulumira kupititsa kutentha. Akatswiri opanga mainjini a ndege za jeti amadalira khalidwe lomweli.

M'kati mwa injini yotere mafuta amayaka, ndipo mpweya wamoto umaomba timapiko tacitsulo timene timazungulira mwaliwiro. M'mainjini amakono mpweya umenewu umapitirira madigiri 1,500, koma citsulo ca timapikoto, comwe mbali yake yaikulu ndi nickel, cimayamba kusungunuka pa madigiri pafupifupi 1,300. Nanga cimalekeranji kusungunuka?

M'kati mwa kaphiko kalikonse muli tinjira momwe mumapita mpweya wozizirirapo. Kunja kwake amamatako dothi loyera lochedwa zirconia, ndipo kawirikawiri kucindikala kwake sikupitirira theka la milimita. Kopa wathu wa ku migodi amapititsa kutentha mofulumira pafupifupi nthawi 200 kuposa dothi limeneli. Cotero kacikopa kopyapyala aka kamatha kucepetsa kutentha kwa citsulo ndi madigiri 100 kapena kuposerapo. Koma pano mucenjere: dothilo silitsekereza moto, limangoucedwetsa. Mphika wadothi ukakhalitsa pa mafuwa umatentha wonse. Popanda mpweya woziziritsa wa m'kati uja, citsulo cikadapsa ndithu, dothi liri pomwepo.

Bvuto lalikulu ndi lakuti dothi likhalebe pa citsulo. Citsulo cikatentha cimafutukuka kuposa dothi, cikazizira cimabwerera, ndipo izi zimacitika pa ulendo uliwonse wa ndege. Dothi louma gwa likadamatuka monga pulasitala pa khoma. Ndiponso zirconia yokhayokha imasintha mpangidwe wake pa madigiri 1,170, ndipo pozizira imang'aluka. M'zaka za m'ma 1970 asayansi a NASA ku Cleveland, ku America, anapeza kuti kusakanizamo mankhwala ochedwa yttria, pafupifupi magawo 7 pa 100 alionse, kumathandiza dothilo kukhalitsa. Pomata amasiyamo dala timabowo ndi timing'alu tosaoneka ndi maso, kuti dothi lizitambasuka pamodzi ndi citsulo. Kwa ine iyi ndiyo nzeru yoposa zonse: mmisiri kusiya ming'alu mwadala kuti nchito yake isasweke!

Timabowo tomweti ndito khomo la mdani. Mcenga wa m'cipululu kapena phulusa la mapiri ophulika zikalowa m'injini, zimasungunuka pa madigiri pafupifupi 1,200, zimalowerera m'timabowomo, ndipo pozizira zimauma ngati galasi. Dothi silithanso kutambasuka. Limayamba kukanganuka, ndipo citsulo cimatsala pamtunda. Phulusa lotere limatsekanso tinjira ta mpweya woziziritsa. Ici ndi cimodzi mwa zifukwa zimene ndege za ku Ulaya zinaimitsidwira masiku angapo mu April 2010, pamene phiri la Eyjafjallajökull linaphulika ku Iceland.