Mwana Akayamba Kukhala Chete

Aliyense amene anayendapo pa msewu wochokera ku Mangochi Boma kupita ku Monkey Bay akudziwa pa Makokola. Alendo amapadziwa chifukwa cha hotela ndi mchenga wake. Ife okhala konkuno timapadziwa chifukwa cha nyali za asodzi a usipa zimene zimandandalika panyanja usiku wopanda mwezi. Ena mwa anyamata okoka chilimira pansi pa nyali zimenezo ndi omwewo amene m'mawa amakhala pamaso panga m'kalasi, maso ali psuu ndi tulo. Nkhani yathu ya lero iyambira pa mmodzi wa iwo.

Mnyamatayu anali wa Fomu 4. Bambo ake anapita ku Joni iye akadali wamng'ono, ndipo patapita zaka zingapo ndalama ndi mauthenga omwe zinaleka kubwera. Mayi ake ankagulitsa usipa wouma, ndipo banja lonse linaika chiyembekezo chake pa satifiketi ya MSCE ya mwana wachisamba ameneyu. M'teremu yachiwiri anayamba kusintha. Anasamukira pa desiki lakumbuyo, analeka mpira, nayamba kujomba. Tsiku lina anandipeza mu ofesi ya aphunzitsi atanyamula buku limene ndinam'bwereka.

"Aphunzitsi, landirani buku lanu. Ine sindilifunanso."

Ndinali ndi mulu wa makope oti ndichonge. Ndinangoti, "Ika pamenepo," osadzutsa n'komwe mutu. Patangopita sabata ziwiri tinali pamaliro ake. Anadzipha.

Pamaliropo ndi pamene tinayamba kulumikiza zimene aliyense anaona. Mnzake wina anapatsidwa makope ake onse. Wina anamumva akuti, "Posachedwapa mupumula nane." Mayi ake anaona kuti nsima ankangoyinyomola n'kuisiya. Aliyense wa ife anali ndi kachidutswa ka uthenga, koma panalibe amene anafunsa.

Vutoli si la m'mphepete mwa nyanja mokha. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chaka chilichonse anthu oposa 700,000 amadzipha, ndipo imfa yotereyi ili m'gulu la zimene zimatenga kwambiri achinyamata a zaka 15 mpaka 29. Kuno kwathu apolisi analengeza kuti pakati pa Januwale ndi Ogasiti 2020 anthu 182 anadzipha, pamene m'miyezi yomweyo mu 2019 analipo 116, ndipo ochuluka zedi anali amuna. Chaka cha 2020 ndi chomwe sukulu zinatsekedwa m'mwezi wa Malichi chifukwa cha Covid-19. M'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba ya chakacho, a zaumoyo m'boma la Mangochi anawerenga atsikana oposa 7,000 amene anatenga pakati. Tinaona ndi maso athu kuti ntchito ya sukulu siithera pa bolodi ndi choko: imasunganso mwana pakati pa anthu omuona tsiku ndi tsiku.

Kawirikawiri palibe chinthu chimodzi chimene chimafikitsa mwana pamenepa. Mvula ikakuona litsiro sikata. Umphawi, kusowa kholo, kulephera mayeso, pakati posayembekezera, nkhanza zapakhomo, chamba ndi kachasu, chithunzi chochititsa manyazi chimene anzake afalitsa pa WhatsApp: zonsezi zimaunjikana, ndipo pansi pake pamatha kukhala matenda a maganizo, amene ndi matenda ndithu monga malungo, ndiponso ali ndi chithandizo. Chimene chimapha ndi chakuti mwanayo amasenza yekha.

Nanga n'chifukwa chiyani amasenza yekha? Ife akulu ndife tinam'phunzitsa. Mnyamata timamuuza kuti mwamuna salira, ndipo akachoka ku jando timayembekeza kuti azimeza mavuto onse ngati bambo wandevu. Mtsikana akalakwa timayamba ndi kum'tukwana, kufunsa kumabwera pambuyo. Imfa yodzipha ikachitika, m'mudzi timanong'onezana za ufiti ndi mizimu, banja n'kubisa nkhope. Ngakhale malamulo amene tinalandira kwa atsamunda, pa gawo 229 la Penal Code, anaika kuyesa kudzipha pamndandanda wa milandu, ndipo mantha amenewo anazika mizu m'mitima ya anthu. Mwana woona zonsezi angatsegulire ndani pakamwa?

Pasukulu pathu, maliro aja atatha, tinagwirizana zinthu zitatu zosafuna ndalama. Choyamba, mphunzitsi aliyense anapatsidwa kagulu ka ophunzira koti azikadziwa bwino: kumene amagona, amene amawasunga, ndi ntchito imene amagwira akaweruka. Chachiwiri, kaundula wa m'kalasi analeka kukhala chida cholangira chabe. Mwana akajomba masiku atatu, wina amapita kwawo kukaona chavuta, chilango chisanatchulidwe. Chachitatu, phunziro la Life Skills, limene ambiri tinkalitenga ngati la mayeso okha, tinalisandutsa nthawi yokambirana: ukalephera umatani, ukakwiya umatani, mnzako akakuuza kuti watopa ndi moyo umauza ndani. Tinawauza ana momveka kuti chinsinsi chotere sichisungidwa. Kuulula kwa munthu wamkulu si kupereka mnzako, ndi kum'pulumutsa.

Patatha chaka, atsikana awiri a Fomu 3 anandiimitsa pakhonde. "Aphunzitsi, mnzathu uja akulankhula zoopsa." Ndinasiya makope. Ine ndi mphunzitsi wamkazi tinakhala naye pansi pa mtengo, ndipo mnzangayo anam'funsa mosazungulira: "Mwanawe, kodi waganizapo zochotsa moyo wako?" Anagwetsa misozi, navomera. Anali ndi pakati, ndipo ankakhulupirira kuti sukulu yake yathera pomwepo, ndi kuti malume ake am'pirikitsa. Sankadziwa kuti kuyambira mu 1993 boma limalola mtsikana wobereka kubwerera kusukulu. Amayi a gulu la amayi a pasukulu anam'perekeza kwawo kukalankhula ndi banja, m'mawa mwake n'kupita naye kuchipatala. Lero ali ndi mwana wake, ndipo MSCE analemba.

Aphunzitsi anzanga, ambiri timaopa funso limenelo, poganiza kuti tim'patsa mwana maganizo amene analibe. Akatswiri a zaumoyo anafufuza ndipo amatitsimikizira kuti kufunsa sikubzala maganizowo, kumam'peputsa wosenzayo. Chofunika ndi kumvetsera osadula mawu, osalalikira, osaseka. Akavomera, musam'siye yekha, chotsani pafupi naye chilichonse chimene angadzipweteke nacho, dziwitsani womusunga, ndipo pitani naye kuchipatala. Chipatala cha boma la Mangochi chilipo, ndipo ofunika chithandizo chapadera amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital. Palinso nambala yaulere ya 116, ya Tithandizane, imene bungwe la YONECO la ku Zomba limathandiza kuyendetsa. Mwana aliyense angathe kuimba.

Koma sukulu imakhala ndi mwana maola ochepa. Ena onse ali m'manja mwa mudzi. Mu 2021 bungwe la WHO linatulutsa malangizo otchedwa LIVE LIFE, ndipo limodzi mwa iwo ndi kuchepetsa mwayi wopeza zinthu zoopsa. Dziko la Sri Lanka litaletsa mankhwala oopsetsetsa ophera tizilombo m'minda, imfa zodzipha zinatsika ndi pafupifupi magawo 70 pa 100 alionse pakati pa 1995 ndi 2015. Chifukwa chake n'chakuti maganizo odzipha nthawi zambiri amabwera ngati mwera: amawinduka mwamphamvu, kenaka n'kudekha. Munthu akapanda kupeza chodzipwetekera pa ola loipalo, kawirikawiri amakhala ndi moyo. Choncho kholo lotsekera mankhwala a m'munda ndi a m'nkhokwe ndi loko lachita ntchito yaikulu.

Za omvetsera, sitiyenera kudikira madokotala, amene ndi ochepa. Ku Zimbabwe, mu 2006, Dr Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench ku Mbare mumzinda wa Harare, pophunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi ndi kumvetsera anthu ovutika maganizo, ndipo kafukufuku anaonetsa kuti ambiri anapeza bwino. Kodi ife tilibe agogo? Tili ndi mashehe ndi aphunzitsi a madrasa, abusa ndi akulu a mpingo, anankungwi, mafumu, alangizi a zaumoyo, ndi makomiti a padoko amene amadziwa mnyamata aliyense wolowa m'bwato. Ulaliki umodzi wa Lachisanu kapena wa Lamulungu wonena kuti kuvutika maganizo si tchimo ungatsegule pakamwa pa ana ambiri. Ndipo imfa yotere ikagwa, tisafalitse zithunzi kapena kulongosola m'mene zachitikira, pakuti nkhani zotero zimakoka ena ofooka kale. Tiyang'anire abale ndi anzake a womwalirayo, chifukwa iwo ndiwo ali pangozi.

Tsono kwa inu amene mwangotsiriza sukulu ndipo mukudikira zotsatira zochokera ku MANEB. Pepala limenelo lidzanena m'mene munalembera m'masabata ochepa. Silidzanena mtengo wa moyo wanu. Mayeso amabwerezedwa, ndipo ndaphunzitsapo ambiri amene anakhoza ulendo wachiwiri. Ena anaphunzira ukalipentala, utelala ndi umakaniko, ndipo akusunga mabanja awo. Kupirira kumene tikufuna mwa inu si kwa mwala, wosamva kanthu. Asodzi athu amadziwa kuti chilimira sakoka munthu mmodzi, ngakhale akhale wamphamvu chotani. Mwana wolimba ndi amene amadziwa dzina la munthu woti am'thamangire zinthu zikathina. Sankhani munthu ameneyo lero, mavuto asanafike.

Buku lija ndikadali nalo m'kabati. Masiku ano mwana akalowa mu ofesi, ndimaika cholembera pansi, n'kum'yang'ana kumaso, makope n'kudikira.

M'gawo lotsatira tidzakamba za ana amene makolo awo ali ku Joni, ndi agogo amene atsala nawo.