Kodi Mumadziwa? Pudhumaipithan ndi nkhani zazifupi za Chitamil

Kodi mumadziwa kuti mlembi amene Atamil akum'mwera kwa India amamutenga ngati mmodzi mwa akatswiri akuluakulu a nkhani zazifupi zamakono anamwalira ali ndi zaka 42 zokha? Dzina lake lenileni linali C. Viruthachalam, koma owerenga amamudziwa ndi dzina lolembera loti Pudhumaipithan. Anabadwa pa 25 Epulo 1906 ku Thiruppadirippuliyur, kufupi ndi Cuddalore, ndipo anatsiriza maphunziro ake pa Hindu College ku Tirunelveli mu 1931.

Sikuti ndiye anayambitsa nkhani zazifupi m'Chitamil ayi. V. V. S. Aiyar anali atalambula kale njira. Chimene Pudhumaipithan anachita n'kutsegulira chitseko anthu amene mabuku ankawanyansa: oyendetsa ngolo, amayi ogwira ntchito m'mafakitale, makalaliki osauka a mumzinda wa Madras, umene lero umatchedwa Chennai. Anawasiyanso kuti aziyankhula monga amayankhulira kwawo, makamaka Chitamil cha ku Tirunelveli, osati chapamwamba cha akatswiri.

Nanga mumadziwa kuti zonsezi zinaphukira m'kamagazini kosauka? Manikodi inayamba kutuluka ku Madras mu 1933, ndipo mu 1934 inayamba kusindikiza nkhani zake. M'menemo analinso Ku. Pa. Rajagopalan, Na. Pichamurthy ndi Mowni, moti mpaka pano nyengo imeneyo imadziwika ndi dzina la magaziniyo.

Nkhani imene inautsa mapiri pachigwa ndi "Ponnagaram". N'njaifupi kwambiri, mungaimalize tiyi asanazizire. Ammalu amagwira ntchito pafakitale, mwamuna wake Murugesan amayendetsa ngolo yokokedwa ndi hatchi. Tsiku lina bamboyo wavulala, ali gone m'nyumba, akupempha phala lamkaka, koma m'nyumbamo mulibe ndi khobidi lomwe. Ammalu akupita kukatunga madzi usiku, akugona ndi mwamuna wina amene ankamufuna kalekale, n'kubwerako ndi ndalama yosakwana rupi imodzi. Mlembi samuweruza mayiyo. Chala akulozetsa kwa owerenga amene amalalikira za ulemu wa mkazi ali okhuta. Ine ndimaona kuti mphamvu ya munthuyu yagona pamenepa: sanawapangire amphawi chifundo chonamizira, anangoonetsa chimene njala imachita.

Ndi milungu yomwe sanaiope. Mu "Kadavulum Kandasamy Pillaiyum", mulungu Shiva akutsikira m'misewu ya Madras, akukumana ndi sing'anga wa mankhwala achikuda wosowa ndalama, akumwa naye khofi, akupita kunyumba kwake, ndipo pamapeto pake moyo wa anthu ukumukanika. Mu "Sabavimochanam" anabwereza nthano yakale ya Ahalya, mkazi amene anatembereredwa n'kusanduka mwala kenako mulungu Rama n'kumumasula. Kwa Pudhumaipithan, Ahalya atamva kuti Rama yemweyo anachititsa mkazi wake Sita kudutsa m'moto pofuna umboni wa kudzisunga kwake, akusandukanso mwala.

Nkhani yake ina, "Thunbakeni", imanena za Atamil amene ankavutika m'minda ya tiyi ku Ceylon, komwe pano ndi Sri Lanka.

Kodi mumadziwa kuti analemba nkhani zazifupi pafupifupi 100 m'zaka zosakwana 15, pamwamba pa ndakatulo, ndemanga za mabuku ndi nkhani zambiri zomasulira? Chakudya ankachipeza pa utolankhani, ku nyuzipepala ya Dinamani kenako Dinasari. Pambuyo pake analowa za makanema, ndipo ali ku Pune akulemba filimu ya Rajamukthi ndi pamene chifuwa chachikulu chinamugwira. Anamwalira pa 30 Juni 1948 ku Thiruvananthapuram, kwawo kwa mkazi wake Kamala, ali mu umphawi wonga wa anthu a m'nkhani zake.

Olemba amene anadza pambuyo pake, monga Jayakanthan ndi Sundara Ramaswamy, anayenda m'mapazi ake. Mnzake T. M. C. Raghunathan analemba mbiri ya moyo wake, ndipo katswiri wa mbiri yakale A. R. Venkatachalapathy anasonkhanitsa nkhani zake zonse mosamala m'buku limodzi. Mu 2002 boma la Tamil Nadu linasandutsa zolemba zake kukhala chuma cha anthu onse, moti wosindikiza aliyense atha kuzitulutsa. Zina zinamasuliridwa m'Chingerezi. Mukazipeza, yambani ndi "Ponnagaram".