Kusunga Mbeu ya Maina

Bambo wa ku Masala amene anagwira nchito pa mgodi wa Nkana, akapita kukafunsa za penshoni yace, kalaliki sayang'ana zipsera za m'manja mwace. Ayang'ana m'kompyuta. Ngati dzina mulibe, ndiye kuti zaka zonse za thukuta mulibenso.

Kale maina otere analembedwa pa makadi, m'masiku a Zambia National Provident Fund imene inayamba mu 1966. Kuyambira caka ca 2000 nchitoyi iri m'manja mwa NAPSA, ndipo maina ndi zopereka za mwezi ndi mwezi zisungidwa m'nkhokwe ya makina, m'mene akatswiri awerengera ndalama za anthu miyandamiyanda nthawi imodzi. Mu 2023, pamene lamulo linalola munthu kutengako magawo 20 pa 100 a zopereka zace, onse anadalira nkhokwe yomweyo.

Tsono mlimi wanzeru saika mbeu yace pamodzi ndi cimanga cakudya. Aipacika pa utsi m'nyumba yina. Osunga makina acita cimodzimodzi. Poyamba akopera nkhokwe yonse, nchito yotenga maora ambiri pakuti katunduyo ngwocuruka. Pambuyo pace, usiku uli wonse, angokopera zimene zasintha tsikulo. Kope limodzi likhala pafupi, lina litumizidwa ku mzinda wina, cifukwa moto kapena madzi sizisankha cipinda. Palinso kope lina losalumikizidwa ku intaneti konse.

Cifukwa ca kope lotsirizali ndi mbala za masiku ano, zimene zilowa m'makina, zitseka zonse ndi loko wacinsinsi, ndi kufuna dipo. Mu May 2022 gulu lochedwa Hive linaukira makina a Bank of Zambia, koma bankiyo inakana kulipira. Amene ali ndi kope labwino pobisika angathe kukana motero. Wopanda kope angogwada.

Koma pali msampha. Anthu ena aganiza kuti makina awiri ofanana, olemba zonse pamodzi, ndiwo citetezo cokwanira. Iai. Kalaliki akafafaniza molakwa maina a anthu 500, makina aciwiriwo afafanizanso nthawi yomweyo, mokhulupirika ndithu. Cimene cipulumutsa ndi kope la dzulo kapena la sabata yatha.

Kubwezeretsa ndiko kubvuta koposa. Ayamba ndi kope lalikuru, kenaka aonjezera makope ang'onoang'ono motsatana, Lolemba, Laciwiri, Lacitatu, kufikira tsiku la ngozi. Limodzi likaonongeka pakati, onse otsatira asanduka acabe. Ndico cifukwa cace akatswiri osamala ayesa kubwezeretsa pa makina apadera ngakhale palibe bvuto, monga mlimi amiza mbeu pang'ono m'madzi kuti aone ngati idzamera.

Nayenso bambo wa ku Masala uja ali ndi kope lace: mapepala a malipiro ndi kalata yolowera nchito, zokulungidwa m'pulasitiki pansi pa sutikesi.