Galimoto ya ulendo wa tsiku ndi tsiku: tisagule ndi maso cabe

Kucokera ku Chongwe kufika mu Lusaka ndi makilomita pafupifupi 45. Munthu wopita ndi kubwerera masiku asanu amayenda makilomita 450 pa sabata mu Great East Road. Ulendo wotere umatha ndalama, umapwetekanso msana.

Conco tisanalipire, tikhale pa mpando ndi kuiyendetsako galimotoyo. Tione ngati ndi yokwera bwino pansi, cifukwa misewu ya kumafamu imavuta m'dzinja. Tifunsenso za masipeya; a Toyota Corolla savuta kupeza. Mapepala a RTSA ndi a inshuwalansi akhale olongosoka.

Za mafuta, tisonkherane ndi anzathu a mumpingo oyenda njira imodzi. Tulo tikatigwira, tiime pambali tipumule. Kucedwa ku nchito kuli bwino kusiyana ndi kusiya ana amasiye.